Nayitrojeni ali pamphuno pathu, koma timakamugula kutali

Tchuthi cha Khirisimasi ndinakachithera kwathu ku Chisepo. Amene munakulira kumudzi mukudziwa kuti tchuthi cha mu December ndi dzina chabe. Ukasiya mabuku kukoleji, kunyumba umapeza khasu likukudikira. Chimanga cha bambo chinamera bwino, koma chitangofika m'maondo masamba am'munsi anayamba chikasu, kuchokera kunsonga n'kumatsata mtsempha wapakati. Mlimi wa ku Dowa akaona zimenezi sadikira mlangizi kuti amuuze. Amadziwa kuti chimanga chikulira feteleza wobereketsa. Dzina la bambo silinatuluke pa mndandanda wa ogula zipangizo zotsika mtengo, ndipo ndalama za mtedza zinangokwana thumba limodzi la yuriya, pamunda wofuna matumba atatu. Tinathira ndi kachitsekerero ka botolo, phando lililonse kosadzaza, mayi akundiyang'ana m'manja kuti ndisagwetse ngakhale kanjere kamodzi.

Usiku womwewo, netiweki itabwerako, ndinapeza uthenga pa WhatsApp wochokera kwa mnzanga amene timagona chipinda chimodzi kusukulu. Iye amaphunzira chemistry, ine mbiri yakale ndi filosofi, ndipo timakangana pafupifupi tsiku lililonse. "Aise, werenga izi, usiye kunena kuti sayansi ndi yogonetsa tulo." Inali nkhani ya akatswiri atatu a pa yunivesite ya Giessen ku Germany, Weiyu Qian, Artur Mardyukov ndi Peter Schreiner, amene mu June 2025 analengeza m'magazini ya Nature kuti apanga molekyulu ya maatomu asanu ndi limodzi a nayitrojeni yekhayekha. Amaitchula N6. Malinga ndi masamu awo a pakompyuta, kilogalamu imodzi ya chinthuchi itaphulika ingatulutse mphamvu yoposa kawiri ya kilogalamu ya TNT.

M'mawa tikumwa tiyi pakhonde ndinawafotokozera bambo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa:

"Ndiye ameneyo tingathire m'munda?"

"Ayi bambo, ameneyo ndi wophulika."

"Ohoo. Ndiye kuti anzathuwo nayitrojeni wawachulukira mpaka kumaseweretsa, ife kuno tikumuyeza ndi chitsekerero?"

Tinaseka tonse, koma funso lawolo linandikhala. Tsiku limenelo ndinagwirizana nawo kwathunthu. Nditabwerera kusukulu ndinayamba kuwerenga kuti ndipeze mfundo zokam'gonjetsera mnzanga uja, ndipo m'malo mwake ndinasintha maganizo ndine. Pano ndikuona kuti kafukufuku ameneyu ndi chikasu cha m'munda mwathu ndi nkhani imodzi, ndipo ife ophunzira a ku Malawi, makamaka ife othawa masamu, tikudzipweteka tokha poiona ngati nkhani ya eni ake.

Tiyambe ndi chinthucho. Pa magawo 100 aliwonse a mpweya umene tikupumawu, 78 ndi nayitrojeni. Ali pamwamba pa munda wa bambo, ali m'nkhokwe, ali m'mapapo mwa mwana wobadwa lero. Vuto ndi lakuti mumpweya maatomu ake amayenda awiriawiri, atamangana ndi mfundo zitatu, ndipo kumangana kumeneku ndi kumodzi mwa kolimba kwambiri kumene akatswiri a chemistry amakudziwa. Chimanga sichingamasule mfundozo, n'chifukwa chake chimafa ndi njala chili pakati pa chakudya. Zomasula n'zochepa. Mphezi imatha. Tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'timatuza ta pamizu ya mtedza, soya, nyemba ndi nandolo timathanso. Chachitatu ndi fakitale, ndipo ndiko kumachokera thumba la yuriya, limene magawo 46 pa 100 ake ndi nayitrojeni.

Zophulika zimayenda njira yomweyo mobwerera m'mbuyo. Maatomu a nayitrojeni ukawalekanitsa n'kuwakakamiza kukhala m'maonekedwe ena, amakhala akufunitsitsa kubwerera kwawo kwa awiriawiri, ndipo tsiku lobwererako amatulutsa mphamvu yonse imene inalowa powalekanitsa. N'chifukwa chake mu onga, mu dynamite ndi mu TNT mumapezeka nayitrojeni. Tsono akatswiri anadzifunsa kuti: bwanji titapanga chinthu chopanda kusakaniza ndi china chilichonse, cha nayitrojeni yekha? Chikaphulika kapena kuyaka sichingasiye utsi kapena mwaye, chingangosanduka mpweya womwe tikupumawu. Opanga mafuta a maroketi amachilota chinthu chotere. Asilikali nawonso amachilota.

Chovuta n'chakuti zinthu zotere sizikhalitsa, ndipo apa ndi pamene kompyuta imalowerera. Mnzanga uja anandifotokozera ndi zilembo za masamu, sindinamve. Ndinadzamva nditaganiza za miyala ya m'mapiri a kwathu ku Dowa ndi ku Ntchisi. Pali miyala ina ikuluikulu yokhala pamwamba pa phiri, yoti ukaiona umadabwa kuti sikugubuduka bwanji. Pa mwala wotere pali mafunso awiri. Loyamba: uli patali bwanji ndi chigwa? Limeneli likukuuza mphamvu imene ungatsike nayo. Lachiwiri: kakuutchinga n'kotani, ndi kamwala koti mbuzi ingakankhe kapena ndi chitunda choti mpaka amuna khumi? Limeneli likukuuza ngati mwalawo ungagone pamenepo mpaka mawa. Chophulika chothandiza chiyenera kukhala pamwamba kwambiri komanso chotchingidwa bwino. Chikakhala pamwamba chopanda chotchinga chimapha wochipanga, kapena chimatha asanachione n'komwe.

Ntchito ya kompyuta ndi kuwerengera zinthu ziwirizi molekyulu isanapangidwe. Katswiri amajambula maatomu momwe akuganizira kuti angakhalire, kompyuta n'kugwiritsa ntchito malamulo a fizikisi a tinthu ting'onoting'ono kupeza kutalika kwa phiri ndi kukula kwa chotchinga. Njira zimenezi si zachibwana. Mu 1998 mphoto ya Nobel ya chemistry inapita kwa Walter Kohn ndi John Pople chifukwa cha njira zowerengera zoterezi. Kwa zaka zambiri akatswiri ajambula pakompyuta mitundu yambiri ya nayitrojeni: ya maatomu anayi, ya maatomu asanu ndi atatu yooneka ngati bokosi, ya 20, ngakhale ya 60 yobulungira ngati mpira. Yambiri mwa imeneyi sinapangidwepo m'labotale mpaka lero. Komabe nthawi zina kompyuta imalosera molondola. Mu 1992 akatswiri a ku Lawrence Livermore ku America anawerengera kuti nayitrojeni atapanikizidwa koopsa angasanduke chinthu cholimba cha maatomu olukana ngati ukonde. Mu 2004 gulu la Mikhail Eremets ku Mainz linachipangadi, pochipanikiza ndi mphamvu yoposa kamiliyoni ya mpweya wotizungulirawu komanso pochitenthetsa kwambiri. Mu 1999 Karl Christe, akugwira ntchito ku labotale ya asilikali a m'ndege a America ku Edwards, anapanga mchere wokhala ndi maatomu asanu a nayitrojeni ondondozana, ndipo mu 2017 akatswiri a ku Nanjing ku China anakwanitsa kusunga maatomu asanu ozungulira ngati mphete.

Nanga N6 ya ku Giessen ija? Kompyuta inati pa kutentha kwa m'chipinda theka lake limatha pa nthawi yosakwana ngakhale gawo limodzi la magawo 20 a sekondi, koma pa kuzizira kwa madigiri 196 pansi pa ziro ingakhale zaka zoposa 100. Ndiye kuti palibe amene anyamule N6 m'thumba posachedwapa. Chimene anapeza ndi umboni woti chotchinga chilipo, ndi kuti masamu aja ananena zoona.

Tsopano tibwerere kwa bambo. Kodi analakwa kukayikira? Ine monga wophunzira mbiri ndikuti sanalakwe, ndipo mbiri ili kumbali yawo kuposa momwe iwo akudziwira. Munthu amene anapeza njira yokolola nayitrojeni mumpweya ndi Fritz Haber wa ku Germany, mu 1909. Carl Bosch anaikulitsa kukhala ya fakitale, ndipo fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau mu 1913. Chaka chotsatira kunabuka nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Britain itatseka nyanja, Germany sinathenso kuitanitsa mchere wa nitrate ku Chile umene inkapangira onga, ndipo inatembenukira ku amoniya wa Haber. Olemba mbiri ambiri amati popanda zimenezi Germany sikanamenya nkhondoyo kwa zaka zinayi. Nkhondo imeneyo si ya kutali monga timaionera m'mabuku a ku sekondale. Inamenyedwa ku Karonga mu September 1914. Ndi yomwe John Chilembwe anaidandaula m'kalata yake yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, pofunsa chifukwa chimene anthu akuda ankafera pa mkangano wa azungu. Ndi yomwe inasenzetsa makolo athu katundu wa mtengatenga, ambiri osabwerako. Haber yemweyo ndi amene anatsogolera ntchito yothira mpweya wa poizoni wa chlorine ku Ypres mu April 1915, ndipo yemweyonso analandira mphoto ya Nobel ya chaka cha 1918. Lero akatswiri amayerekeza kuti pafupifupi theka la anthu a padziko lapansi amadya chakudya cholimidwa ndi feteleza wa njira yakeyo. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Matopewo sanathere pa nkhondo. Mu September 1921 nkhokwe ya feteleza ya ku Oppau komweko inaphulika n'kupha anthu oposa 500. Ndipo ambiri a ife tikukumbukira kanema wa pa 4 August 2020, pamene doko la Beirut ku Lebanon linaphulika n'kupha anthu oposa 200. Chinaphulikacho chinali matani 2,750 a ammonium nitrate, mchere umene umagwira ntchito ziwiri, ya feteleza ndi yophulitsira miyala. Chimene ambiri sitinachimve n'chakuti sitima imene inanyamula katunduyo, ya Rhosus, inanyamuka ku Batumi ku Georgia mu 2013 ikupita ku Beira, kwa anansi athu a ku Mozambique, doko lomwe limalandiranso katundu wambiri wobwera kuno kwathu, kuphatikizapo feteleza. Inangoima pa Beirut, n'kugwidwa, katundu wake n'kukhala m'nyumba yosungiramo zinthu kwa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Chaona mnzako chapita.

Choncho amene akunena kuti kafukufuku wa zophulika za nayitrojeni ndi woopsa sakunama. Labotale ya Christe inali ya asilikali, ndipo palibe chifukwa chodzinamiza kuti aliyense wolipira kafukufuku wotere akuganiza za maroketi opita kumwezi okha. Koma tikatsiriza kuvomereza zimenezi, titani? Mayankho amene ndimawamva kwa anzanga ndi awiri. Ena amati izi n'za mayiko olemera, ife tiyambe tadya. Ena amati sayansi yotere ndi yoipa, tiitalikire. Onse awiri akutisiya pamalo amodzi, pomwe tili kale: ogula osadziwa chimene akugula.

Taonani momwe kusadziwaku kumatidyera. Malawi sapanga amoniya kapena yuriya. Mafakitale amene tili nawo amasakaniza zobwera kale kuchokera kunja. Njira ya Haber ndi Bosch imafuna kutentha kwa madigiri 400 mpaka 500 ndi kupanikiza kwakukulu, ndipo mafakitale ambiri amadalira gasi wa pansi pa nthaka. Gasi akakwera mtengo ku Ulaya, thumba limakwera ku Mponela. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 tinaziona ndi maso, mpaka mu March 2023 dziko lathu linalandira mphatso ya matani 20,000 a feteleza kuchokera ku kampani ya ku Russia. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 tinazionanso. Kuyambira pa makuponi a nthawi ya Bingu wa Mutharika mu 2005, kudzafika pa pulogalamu ya AIP imene inayamba mu 2020 thumba likugulidwa K4,495 kenaka n'kukwera kufika K15,000, ndale za dziko lino zakhala zikuzungulira pa thumba la makilogalamu 50. Maboma amalowa ndi kutuluka chifukwa cha nayitrojeni. Komabe ndi angati mwa ife, amene tili ku yunivesite, tingafotokoze chimene chili m'thumbamo ndi chifukwa chake chimadula?

Ndikudziwa kuti wina anena kuti: chabwino, tiphunzire za feteleza, koma za N6 zikutikhudza pati? Yankho limene linandigonjetsa ine ndi lakuti funso la ku Giessen ndi funso la m'munda mwa bambo ndi limodzi, kungoti wina walitembenuza. Iwo akufunsa kuti tingawaletse bwanji maatomu a nayitrojeni kubwerera kwa awiriawiri. Ife tikufuna kudziwa kuti tingawachotse bwanji kumeneko motsika mtengo. Onse akuyeza phiri lomwelo ndi chotchinga chomwecho, ndipo zida zoyezera n'zimodzimodzi. Mapulogalamu a pakompyuta amene amawerengera kukhazikika kwa N6 ndi omwenso akatswiri ena akugwiritsa ntchito pofufuza chinsinsi cha tizilombo ta pamizu ya nandolo, timene timachita pa kutentha kwa dothi la ku Chisepo zimene fakitale imachita pa madigiri 450. Tizilomboti tili ndi chida chotchedwa nitrogenase, chokhala ndi maatomu a chitsulo ndi molybdenum pakati pake, ndipo mpaka pano akatswiri akulimbanabe kuti amvetse bwino magwiridwe ake. Amene adzamvetse n'kukwanitsa kutengera adzasintha mtengo wa chakudya padziko lonse. Wophunzira amene wadziwa kuwerengera chimodzi wadziwa kuwerengera chinzakecho.

Chinanso chimene sitiganizira n'chakuti mwa mitundu yonse ya sayansi yapamwamba, yowerengera pakompyuta ndi imene dziko losauka lingaikwanitse msanga. Labotale yopanikiza zinthu ngati ya ku Mainz sitingaimange mawa. Koma kafukufuku wa pakompyuta amafuna makina abwino, magetsi, intaneti ndi mutu wophunzitsidwa. Mapulogalamu ena, monga Psi4, ndi aulere kwa aliyense, ndipo ORCA ndi yaulere kwa ochita kafukufuku m'masukulu. Molekyulu ya maatomu asanu ndi limodzi ndi yaing'ono moti masamu ake oyambirira angathe kuchitika pa laputopu yabwino. Ukalakwitsa pakompyuta umangotaya nthawi ndi magetsi, pomwe ukalakwitsa ndi zophulika m'labotale umataya zala. Tili ndi University of Malawi ku Zomba, MUST ku Thyolo, MUBAS ku Blantyre, LUANAR ku Bunda ndi Mzuzu University. Sindikuona chimene chingaletse masukulu amenewa kugawana makina amphamvu amodzi, n'kuphunzitsa ana a alimi kuwerengera mamolekyulu amene makolo awo amagula mokongola.

Sindikunena kuti Malawi ayambe kufufuza zophulika. Tilibe nazo ntchito, ndipo ndalama za msonkho wa mlimi wa fodya zili ndi kopita kwina. Sindikubisanso kuti zopinga zilipo. Magetsi amazima pakati pa ntchito. Bandulo ya intaneti imatha usanatsitse pepala lachiwiri. Mnzanga wa chemistry uja amagwiritsa ntchito laputopu yoti batire yake inafa kale, ndipo pali anzathu amene amasiya sukulu chifukwa cha fizi. Munthu akhoza kunena kuti kukamba za makina owerengera mamolekyulu m'dziko lotere ndi kulota masana. Koma mfundo yakuti tiyambe tathana ndi njala kenaka sayansi pambuyo taimva kwa zaka zambiri, ndipo njalayo sinathe. Mu 2006 atsogoleri a Africa anagwirizana ku Abuja kuti pofika 2015 alimi azithira makilogalamu 50 a michere ya feteleza pa hekitala. Chimenecho chinali cholinga cha kugula ndi kugawa. Za kumvetsa ndi kupanga timazikankhira mawa chaka chilichonse.

Ndiyeneranso kunena zoona kuti kompyuta sibiriwitsa chimanga cha bambo chaka chino kapena chamawa. Zothandiza msanga zilipo kale, ndipo zambiri n'zodziwika kwa agogo athu. Mtengo wa msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, ndipo chimanga cha pansi pake chimachita bwino. Ku Ekwendeni, alimi ndi ofufuza a bungwe la Soils, Food and Healthy Communities akhala akulima mbewu za mtundu wa nyemba pobwezeretsa chonde kuyambira mu 2000, kuphatikizapo kubzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi. Ku Chitedze ndi ku Bunda akhala akufufuza zomwezi. Alimi ambiri kwathu akupanga manyowa a mbeya, kusakaniza feteleza pang'ono ndi ndowe, madeya ndi phulusa kuti thumba limodzi litambasuke. Zonsezi ndi sayansi ya nayitrojeni. Mayi anga akazula mtedza n'kundionetsa timatuza ta pamizu amakhala akundionetsa fakitale imene akatswiri a ku Ulaya akuyesetsa kuimvetsa pakompyuta. Chosowa ndi munthu woima pakati, wodziwa chinenero cha mayi ndi chinenero cha kompyuta.

Apa ndiye ndifike kwa ife a mbiri, filosofi, zilankhulo ndi malamulo. Tili ndi chizolowezi choipa chonyadira umbuli. Timati "ine masamu ayi" ngati tikunena mfunda wathu, ndipo nkhani ikangotchula atomu timatseka foni. Koma taganizirani za Beirut. Kumeneko chemistry sinalephere. Zoti ammonium nitrate wochuluka chotero ndi woopsa zinkadziwika kuyambira nthawi ya Oppau. Zinalephera ndi makalata oyenda pakati pa maofesi osayankhidwa, milandu yosatha, ndi akuluakulu oganiza kuti udindo ndi wa wina. Imeneyo ndi ntchito ya maloya, atolankhani, alembi a boma ndi aphungu, ntchito zimene ife tikuziphunzirira. Dziko lathu likukamba kwambiri za migodi masiku ano, Kayelekera ku Karonga, Kangankunde ku Balaka ndi ina. Kulikonse kumene anthu amaswa miyala yolimba, ngakhale m'makwale a miyala ya misewu, kumafunika zophulitsira, ndipo zambiri mwa izo zimapangidwa ndi ammonium nitrate. Zimadutsa m'misewu yathu ndipo zimasungidwa penapake. Mtolankhani wosadziwa kusiyana kwa yuriya ndi ammonium nitrate adzafunsa funso lanji? Loya wosamva mawu akuti kukhazikika kwa mankhwala adzawerenga bwanji chilolezo chosungira katundu wotere pafupi ndi mudzi?

Palinso ntchito ya chinenero. Polemba nkhani ino ndavutika kupeza mawu, ndipo mwaona nokha kuti molekyulu ndi atomu ndangowabwereka. Kubwereka si tchimo, Chichewa chabwereka kale sukulu, galimoto ndi feteleza yemweyo. Koma ngati sitiyesa kufotokoza zinthu izi m'chinenero chimene bambo anga amaganiziramo, iwo adzapitiriza kulandira sayansi ngati lamulo lochokera kumwamba: thirani apa, gulani ichi, musafunse. Mlimi amene wamvetsa kuti yuriya akamwazidwa pamtunda dzuwa likuswa mtengo gawo lina limathawira mumpweya ngati amoniya, amakwirira feteleza wake popanda womukakamiza. Kumasulira kotere sikudzachitidwa ndi mnzanga wa chemistry yekha, chifukwa iye Chichewa chake chimathera pa moni. Sikudzachitidwanso ndi ine ndekha. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo pali funso limene kompyuta singayankhe ngakhale itakhala yamphamvu chotani. Ingakuuze kuti N6 ikhala masekondi angati, koma singakuuze ngati n'koyenera kuipanga yambiri, ndani aisunge, ndipo ndani afunsidwe kaye. Moyo wa Haber ukutiphunzitsa kuti nzeru za katswiri sizimuteteza ku zosankha zoipa. Mafunso otere ndi athu a filosofi ndi mbiri, koma sitingawafunse bwino tili kunja kwa mpanda. Wofuna kudzudzula kafukufuku ayambe wamumvetsa, apo ayi akatswiri adzangomumwetulira n'kupitiriza ntchito yawo.

Pempho langa kwa anzanga ndi laling'ono. Amene muli ku sayansi, funsani aphunzitsi anu za chemistry ya pakompyuta, ndipo ngati kulibe kosi yake yambani gulu lanu, tsitsani pulogalamu yaulere, werengerani molekyulu ya N2 kaye muone ngati yankho lanu likugwirizana ndi la m'buku. Amene tili ku maphunziro a za anthu, tisankhe nkhani imodzi ya sayansi yokhudza kwathu, tiiwerenge mpaka titha kuifotokozera agogo. Ndipo oyendetsa masukulu athu aganizire zoti wophunzira mbiri azitenga phunziro limodzi la sayansi, wa sayansi limodzi la mbiri, kuti tisamangokumana pa mzere wa nsima.

Ine ndayambapo. Lachinayi lililonse ndimakhala kumbuyo m'kalasi ya mnzanga uja, ndikumva mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene zikunenedwa. Sabata yatha ndinawaimbira bambo. Akuti kumtunda kwa munda, kumene tinathira mokwanira, chimanga chabereka bwino, koma kumunsi kuli tizitsononkho tating'ono. Ndinawauza za timatuza ta pamizu ndi zimene ndawerenga, ndipo ndinawapempha kuti chaka chamawa chigawo chakumunsicho tidzabzalemo soya ndi nandolo, chimanga chidzabwereremo chaka chinacho. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati: "Zimenezo agogo ako ankachita kalekale. Koma poti tsopano zachokera ku yunivesite, tidzayesa. Mbewu ya nandoloyo udzabwere nayo ndiwe."